Nsalu Yakuda ya Aphungu

Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, chaka cha 1990. Ndinali kusesa bwalo la sukulu pamodzi ndi anzanga a Giredi 6. Kunkazizira. Dzanja limodzi ndinali nditalibisa m'khwapa, linalo likugwira tsache.

Belu la sukulu yathu linali chitsulo cha gudumu la galimoto, chopachikidwa pa mtengo wa mango. Aphunzitsi aakulu ankalimenya pang'ono basi, ife n'kufola. Tsiku limenelo analimenya osaleka. Kenaka linaleka mwadzidzidzi, ndipo tinamva mfuti kumunsi kwa mudzi.

Ndikulemba izi chifukwa cha iwe, Neliya. Unali kumsana kwa amayi, sudzakumbuka kanthu. Pamene udzaphunzire kuwerenga, anthu adzakhala atakuuza kale nkhaniyi m'njira zawo. Ine mkulu wako Dailesi pagulu mawu amandithawa, ngakhale m'kalasi sindikweza dzanja. Koma kulemba ndimatha.

Mudzi wathu unali kumwera kwa Katete, pafupi ndi malire a Mozambiki. Malirewo sankaoneka ndi maso. Panali kamtsinje kamene tinkachapako zovala, ndipo tsidya lake linali dziko lina, la nkhondo. Anthu a kumeneko ankayankhula ngati ife. Zigawenga za kumeneko zinkawoloka nthawi zina kudzalanda ng'ombe ndi chimanga m'midzi ina. Kwathu zinali zisanafike.

M'nyengo yokolola boma linatumiza asilikali. Anamanga matenti kuseri kwa sukulu. Amayi a m'mudzi ankawaphikira mosinthana, ndipo mkulu wathu Malita ankawatungira madzi. Malita anali atasiya sukulu kuti azithandiza amayi kumunda. Palibe amene anamufunsa ngati akufuna ntchitoyo. Atate anali atamwalira kale ndi chifuwa, ndipo nyumba yopanda mwamuna sikana ntchito ya mudzi.

Kenaka kunabwera aphungu a dera lathu. Ife ana a sukulu tinafola padzuwa kuyambira m'mawa, tikuwaimbira. Anafika masana. Asanakwere pa tebulo loyankhulirapo, dalaivala wawo anawerama n'kuwapukuta fumbi kunsapato.

Ananena kuti kunja kuli anthu a mipingo amene akuyesa kukhazika pansi boma la Mozambiki ndi zigawenga, kuti aleke kuwombana. Anawatcha amantha ovala mikanjo. Anati kuleka kuwomba ndiko kupatsa fisi nthawi yonola mano. Chofunika, anatero, n'chakuti mayiko abwenzi atumize mfuti zambiri ndi ndege, nkhondo ithe ndi nkhondo. Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba.

Patapita masiku tinawamva pa wailesi. Ankayamika mudzi wathu, ndipo anautchula dzina. Anati amayi a kumeneko amaphikira asilikali, atsikana amawatungira madzi, midzi yonse ya m'malire itengere chitsanzo. Anthu anakondwa kumva dzina la kwathu likutuluka m'wailesi. Ena analulutira. Amayi athu okha sanaseke. Anati wailesi siima pa kamtsinje.

Mlungu wotsatira asilikali anapasula matenti. Anati akufunika kwina. Anasiya zitini ndi mabowo a zikhomo.

Tsono Lachiwiri lija, mfuti zitamveka, ana onse anathawira kuphiri. Ine ndinathamangira kunyumba. Ndinadzera m'munda wa mpendadzuwa, ndipo nditaona anthu pabwalo la mudzi ndinagona chafufumimba pakati pa mapesi. Nyerere zinkandikwera m'khosi. Sindinazichotse.

Zinali zigawenga zija, ena mwa iwo analibe nsapato. Ena anali ana a msinkhu wanga, mfuti zikuwafika m'mawondo. Wina anali atavala malaya a kwaya ya tchalitchi chathu, ataphatikiza pamwamba pa ake. Anasonkhanitsa amayi a m'mudzi ndi atsikana. Ankafunsa m'chiyankhulo chathu chomwechi kuti amene amaphikira asilikali ndani.

Kenaka aNaphiri, amene ankagawa masiku ophika, anaimirira okha. Sindilemba zimene anawachita. Ndinatseka maso, koma makutu alibe zivindikiro.

Pamene ndinatsegula maso, nkhokwe zinali kuyaka. Atsikana anawafoletsa, aliyense n'kumusenzetsa thumba la chimanga. Malita anali pakati pa mzere. Anavula duku lake lobiriwira, analipinda kukhala nkhata, anaika pamutu. Thumba linapendekeka, analikonza ndi dzanja lamanzere. Anayenda kulowera ku kamtsinje. Sankatsimphina. Sankatuluka magazi. Ndinamuyang'ana mpaka udzu unamubisa.

Amayi ndinawapeza kudimba, atabisala m'nzimbe. Anali atapita kukathirira ndiwo, iwe uli kumsana. Ndinawauza zonse monong'ona. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati Malita ankayenda yekha kapena ankamukoka. Ndinati ankayenda yekha. Anamanganso chitenje chako, anachilimbitsa pachifuwa, tinanyamuka.

Sitinabwerere kunyumba kukatenga kanthu. Ine ndinalibe nsapato. Amayi anali ndi chitenje cha m'chiuno, chokuberekera iwe, ndi kampeni ka kudimba.

Tinapewa njira. Tinayenda m'khwawa louma, amayi patsogolo. Ukayamba kudandaula, ankakukokera kutsogolo n'kukupatsa bere akuyenda. Unayamwa tsiku lonse. Pofika madzulo bere linalibe kanthu, koma unkayamwabe.

Tinadutsa mudzi wina wopanda munthu. Pakhomo lina panali mtondo, munsi uli chiimire m'kati mwake. Nkhuku zinali pamwamba, zikudya mphale.

Tinakumba chinangwa m'munda wa eni ake. Amayi anakwirira dzenje bwinobwino, anadula mtengo wa chinangwacho n'kuudzalanso. Anati mwini munda akabwera adziwe kuti sipanapite wakuba.

Tinagona m'tchire, iwe pakati pathu. M'mawa amayi anandichotsa minga kumapazi ndi nsonga ya mpeni. Wina unathyokera m'kati mwa chidendene. Ulipo mpaka lero, kukazizira ndimaumva.

Panjira tinakumana ndi anthu ena a kwathu. Panalibe moni wautali. Aliyense ankangotchula mayina, uyu ndamuona, uyu sindinamuone. Kumeneko ndiko tinamva kuti aphunzitsi aakulu anawapeza pansi pa mtengo wa mango, chomenyera belu chili m'manja.

Tinafika pamsewu wa tala dzuwa litapendeka. Ambiri analowera kuboma kukadikira thandizo. Amayi anati ife tipite ku Chongwe, kwa alongo awo. Lole yonyamula thonje inaima. Dalaivala anayang'ana mapazi anga. Anatikweza pamwamba pa mabelo, anatiuza kuti tigwire chingwe.

Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatitsitsa. Anafuna chitupa cha amayi. Chitupa chinali chitapsa ndi nyumba. Msilikali wina anati mwina ndife a kutsidya, tatumidwa kudzazonda mlatho. Anandiuza kuti ndiimbe nyimbo ya fuko. Ndinaimba, maso ali pa nsapato zake. Mawu anandithera pakati. Anaseka, anatilola kukwera.

Tinafika ku Chongwe m'mawa. Msika unali utadzaza. Amayi ogulitsa ankanenerera tomato, anyamata a maminibasi ankaitanira a ku Lusaka. Mtsikana wina wa msinkhu wanga ankadya chitumbuwa akupita kusukulu. Anandiyang'ana kumapazi, n'kupitirira.

Amalume a Mbewe ali ndi kagolosale kuseri kwa msika. Atationa anatuluka, sikelo ili ndi shuga wa munthu. Anatiwerenga ndi maso. Anafunsa kuti Malita ali kuti. Amayi anati akubwera m'mbuyo.

Amalume anatipatsa chipinda chimene ankasungiramo matumba. Ananditsuka mabala a kumapazi ndi madzi a mchere, iwo eni, atagwada. Anandilembetsa sukulu. Uzikumbuka zimenezi ukamawerenga zotsatirazi.

Kusukulu anzanga amati ndimayankhula Chinyanja cha m'Baibulo. Amanditcha wa ku Mozambiki. Pali mtsikana amene amakhala kumbuyo kwanga, amamenya desiki ndi buku kuti aone ngati ndidumphe. Ndimadumphadi. Kalasi yonse imaseka.

Amalume anawapezera amayi kamunda m'dera la mfumu Nkomeshya, kwa abale a akazi awo. Amayi anakana. Anati akalima kuno ndiye kuti asamuka, ndipo Malita akabwera adzapeza bwinja. Mvula inagwa, khasu lili pakhoma. Amayi anayamba kuonda. Mkaka unachepa, iwenso unaonda.

Madzulo aliwonse amayi amakhala pakhomo la golosale, pafupi ndi wailesi. Tsiku lina wailesi inati boma la Mozambiki ndi zigawenga ayamba kukumana kunja. Amayi anapempha amalume kuti akweze mawu. Tsiku limenelo anamaliza chakudya chawo, koyamba chifikireni.

M'tchalitchi timapempherera zokambiranazo. Ena amapempherera dziko lonse. Ine ndimaganiza chinthu chimodzi. Mfuti zikaleka, njira zidzatseguka, ndipo munthu amene anapita ndi miyendo yake angathe kubwera ndi miyendo yake.

Wailesi yomweyo imatulutsanso mawu a aphungu. Sanasinthe. Amati amene akufuna kuleka kuwombana sanaonepo mudzi utapsa. Amati mayiko akunja asatumize ansembe ndi mapepala, atumize ndege zokaphulitsa misasa ya zigawenga m'tchire. Amatchulabe dzina la mudzi wathu. Tsopano amalitchula ngati umboni.

Usaganize kuti ndimawakhululukira anthu aja, Neliya. Ndinamva zimene anawachita aNaphiri. Nthawi zina ndimawafunira zinthu zimene sindingathe kuulula kwa abusa. Koma bomba silifunsa kuti wanyamula mfuti ndani, wanyamula mtsuko ndani.

Ndi amalume amene anatiuza kuti aphungu a dera lathu sakhala m'dera lathu. Ali ndi famu kuno, cha ku Silverest, pamsewu wa ku Lusaka. Mazira ndi mkaka zimene amalume amagulitsa mugolosale zimachokera ku famu imeneyo. Amayi atamva, anasiya kusankha nyemba. Anafunsa kuti wopita ku famuko amatsika pati basi.

Tinapita mwezi watha, amayi ndi ine, iwe tinakusiya ndi akazi a amalume. Pageti panali mlonda wa chibonga. Anati ba bwana sibaona bantu pa nyumba, tikawafune ku ofesi. Amayi anati tidikira. Tinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu. M'kati mwa mpanda madzi ankazungulira okha pa kapinga, ngakhale mvula inali itagwa dzulo lake. Ng'ombe zawo zinali zakuda ndi zoyera, mabere akukhudza udzu.

Galimoto inabwera dzuwa litapendeka. Amayi anagwada pakati pa njira, inenso ndinagwada pambali pawo. Galasi linatsika theka. Amayi anatchula dzina la mudzi wathu. Aphungu anamwetulira, anati akuukumbuka, ndi mudzi wa amayi olimba mtima.

Amayi anafotokoza za Malita, pang'onopang'ono, manja atawagwirizanitsa. Sanapemphe ufa, sanapemphe munda. Anapempha kuti aphungu akamayankhula m'Nyumba ya Malamulo asatsutse zoleka kuwombana, kufikira ana otengedwa atabwera.

Aphungu anayankha motalika, ngati ali pamsonkhano. Anati zigawenga zikapuma zimabwera zambiri. Anati amene amazipatsa zida sadzaleka, choncho abwenzi athunso asaleke. Anati ndege zikafika misasa yonse idzasanduka phulusa mwezi usanathe.

“Nanga m'misasamo aphika ndani, bwana?” amayi anafunsa. “Mwana wanga ali mmenemo.”

Injini inkalirabe.

“Amai, nikuuzeni zoona. Amene atengedwa na aja, muwerengeni wakufa. Lirani, mupumule. Ife tizabwezera,” aphungu anatero.

Kenaka anayang'ana ine. Anafunsa ngati ndinaona zonse ndi maso anga. Ndinagwedeza mutu. Anafunsa dzina la amalume, anauza dalaivala kuti alikumbuke. Galasi linakwera. Mlonda anatigwira m'mapewa kutichotsa panjira. Zoti iwo ndiwo analengeza dzina la mudzi wathu pa wailesi paja sanatchule. Amayinso sanatchule.

Lachitatu la mlungu uno galimoto ya kufamu inaima pa golosale. Dalaivala anatsitsa mazira monga mwa masiku onse. Kenaka anatsitsa thumba la ufa, shuga, ndi mpukutu wa nsalu yakuda. Anati ndi chipepeso chochokera kwa aphungu. Chipepeso amapereka pamaliro. Amalume anachilandira ndi manja awiri.

Madzulo anatiitana kuseri kwa nyumba. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mawu a maliro a ana a mlongo wake ndi ake. Anati munthu akafera kutali, mtembo osapezeka, makolo athu ankaika thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu. Tichita zomwezo Lamulungu tikachoka kutchalitchi. Tikatero tidzameta, amayi ayambe kulima, mwana ayambe kunenepa. Anati atopa kuona mlongo wawo akutha ngati sopo. Anati nyumba siingakhale ndi chitseko chotsegula mpaka kalekale.

Anawonjezanso china, maso ali pansi. Loweruka aphungu ali ndi msonkhano pabwalo la pafupi ndi maofesi a khonsolo, wonena za nkhondo. Akufuna kuti ine ndikaime pambali pawo nditavala zakuda. Sindidzafunika kuyankhula. Anthu angoona mwana amene mkulu wake anaphedwa, adziwe zimene anthu a mikanjo akufuna kuti tikhululuke.

“Achimwene, mtembo munauona?” amayi anafunsa.

“Nanga iwe wamuona wamoyo, miyezi yonseyi?”

Timadya kwa amalume, timagona kwa amalume. Amayi anadzuka, anakatenga matewera ako amene anali ochapa kale, anakawachapanso.

Dzulo amalume anandipititsa kwa telala wa pakhonde la msika. Telalayo anandiyeza mapewa ndi chiuno, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Anafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinayang'ana makina ake. Amalume ndi amene anayankha. Diresilo latha lero, lili pamsomali pamwamba pa mphasa yanga. Analisoka bwino. Nthochi nayonso aisankha kale, ili kuseri kwa nyumba ya oyandikana nawo, ndipo sanaidule.

Masana ano amayi ndawapeza atakhala pansi pa msomaliwo, akukuyamwitsa, msana atautembenuzira diresilo. Ufa wa chipepeso sanaukhudze. Akazi a amalume aphika phala la ufa umenewo m'mawa, amayi anati sakumva njala. Inenso ndinatero, koma ndinali ndi njala.

Tinatuluka m'mudzi atatu, amayi, iwe ndi ine. Tilipo tonse. ANaphiri ndi aphunzitsi aakulu anaikidwa ndi anthu amene anabwerera, manda awo alipo, anthu anawaona nkhope asanawakwirire. Malita alibe manda. Akadzaikidwa Lamulungu, palibe amene adzafunsenso za iye kwa anthu ochokera kumalire. Dzina lake lidzachoka pa mapemphero a amoyo. Akadzabwera, adzapeza titameta kale.

Lero ndi Lachisanu. Nditachoka kusukulu ndachapa diresi langa lamaluwa la kutchalitchi, ndabwereka simbi ya makala, ndalisita. Ndalibisa pansi pa mphasa. Amayi sindinawauze, kuti akadzafunsidwa adzanene zoona kuti sankadziwa.

Mawa ndidzapita ku msonkhano, chifukwa ndikapanda kupita, amene adzavutike ndi amayi. Ndidzatuluka amalume ali kotsegula golosale, lakudalo ndidzalisiya pamsomali. Mwina mazira adzaleka kubwera. Mwina amalume adzatichotsa m'chipinda cha matumba, sindikudziwa kumene tidzapite. Akadzandiimika pambali pa aphungu, ndidzayang'ana pansi monga ndimachitira. Mawu anga ndi ochepa, ndawayeseza kuseri kwa nyumba: mkulu wanga sitinamuike, lekani kuwomba abwere. Akadzapanda kumveka, ndidzawanenanso.